Mawu a Anthu ndi Chigamulo cha Atsogoleri pa Mkangano wa Mizinga ya ku Cuba

Kuyambira pa 6 Ogasiti 1945, tsiku limene bomba limodzi lokha la atomiki linasandutsa mzinda wa Hiroshima bwinja, anthu akhala akufunsa kuti maiko awiri okhala ndi mabomba otere akayambana, ndani amagamula za nkhondo kapena za mtendere. Ambiri amafulumira kuyankha kuti ndi atsogoleri a maiko awiriwo pamodzi ndi akuluakulu a asilikali awo. Yankho limeneli ndi loona, koma si lokwanira, pakuti akuluakulu akakhala upo wotere salingalira za mdani yekha ayi. Amalingaliranso za anthu awo: zimene adzanena mawa lake m'misika, m'nyuzipepala ndi m'Nyumba ya Malamulo, ndiponso mmene adzaponyere voti. Kuopa anthu kumeneku nthawi zina kumakankhira mtsogoleri ku nkhondo, ndipo nthawi zina kumamgwira dzanja.

Mkangano wa mizinga ya ku Cuba, umene unachitika mu Okutobala 1962 pakati pa America ndi Soviet Union, ndiwo umaonetsa bwino zimenezi kuposa mkangano wina uliwonse. Makalata a maboma onse awiri anatsegulidwa, ndipo mawu a m'misonkhano ya ku White House, amene Pulezidenti John Kennedy ankawajambula mobisa pa tepi, tsopano angathe kumvedwa ndi aliyense. Chotero pa nkhani imeneyi munthu sayenda mongoganizira.

MAWU OMANGA MWINI WAKE

Chiyambi cha vuto la a Kennedy chinali pakamwa pawo pomwe. Pokopa anthu pa chisankho cha 1960, iwo anadzudzula Boma la Pulezidenti Eisenhower kuti linalekerera chilumba cha Cuba, chimene chili pa mtunda wa mamailosi 90 okha kuchokera ku Florida, kugwa m'manja mwa a Fidel Castro, ndiponso kuti linalola Soviet Union kupambana America pa mizinga youluka mtunda wautali. Mlandu wachiwiriwu unali wopanda maziko, chifukwa America ndiyo inali patsogolo kwambiri, koma anthu anaukhulupirira. Mu Epulo 1961 Boma latsopanolo linatumiza anthu a ku Cuba othawa kwawo okwana ngati 1,400 kukagwetsa a Castro pa gombe la Bay of Pigs, ndipo anagonjetsedwa pa masiku atatu. Kuyambira pamenepo dzina la Cuba linakhala bala losapola kwa a Kennedy, ndipo adani awo a ndale anadziwa pokhudza.

Chisankho cha aphungu chinali kudza pa 6 Novembala 1962. Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti, phungu wa chipani cha Republican wa ku New York, a Kenneth Keating, anayamba kulankhula mobwerezabwereza m'Nyumba ya Senate kuti zombo za Soviet Union zikutsitsa asilikali ndi zida ku Cuba pamene Boma lili m'tulo. Phungu mnzawo wa ku Indiana, a Homer Capehart, anafika ponena kuti asilikali a America akalande chilumbacho. Pofuna kuziziritsa phokosoli, a Kennedy analengeza pa 4 Seputembala ndiponso pa 13 Seputembala kuti zida zimene zinali ku Cuba zinali zodzitetezera chabe, koma ngati kudzapezeka mizinga yotha kukantha America, Boma lawo lidzachitapo kanthu kwakukulu. Iwo ananena izi ali ndi chikhulupiriro chakuti Soviet Union singachite chinthu chotero. Sanadziwe kuti mtsogoleri wa dzikolo, a Nikita Khrushchev, anali atagamula kale m'mwezi wa Meyi, ndipo mizinga inali kufika ku Cuba m'mwezi womwewo wa Seputembala.

Pa 14 Okutobala ndege ya ukazitape ya mtundu wa U-2 inajambula malo oikapo mizinga pafupi ndi San Cristóbal, ndipo m'mawa wa pa 16 zithunzizo zinafika kwa Pulezidenti. Madzulo a tsiku lomwelo Nduna ya Zachitetezo, a Robert McNamara, inauza anzake kuti kwa iyo mizingayo sinasinthe kwenikweni mphamvu za maiko awiriwo, ndipo vuto lenileni linali la ndale za m'dziko mwawo momwemo. A Kennedy nawonso anamveka akudandaula kuti mwezi wathawo akanangonena kuti nkhaniyo ilibe kanthu. Koma popeza anali atalonjeza pamaso pa anthu onse, sakanathanso kukhala chete. America inali itaika kale mizinga yake 15 ya mtundu wa Jupiter ku Turkey, pa khomo penipeni pa Soviet Union, ndipo dziko silinagwedezeke nazo. Chimene chinasandutsa mizinga ya ku Cuba kukhala mlandu wa nkhondo, koposa zonse, chinali lonjezo limene anthu anali atamva ndi makutu awo.

MASIKU ASANU NDI LIMODZI A CHINSINSI

Kuyambira pa 16 kufikira pa 22 Okutobala anthu a ku America sanauzidwe kanthu. Pulezidenti anapitiriza ulendo wake wokopa anthu ngati palibe chimene chachitika, ndipo pobwerera mwadzidzidzi kuchokera ku Chicago pa 20 Okutobala kunalengezedwa kuti wagwidwa ndi chimfine. Atolankhani ena atanunkhiza nkhaniyo, iye anapempha akuluakulu a nyuzipepala za New York Times ndi Washington Post kuti ayambe adikira, ndipo iwo anavomera.

Masiku amenewa anali a mtengo wapatali. Pa tsiku loyamba pafupifupi onse a m'bwalo la alangizi, ndi Pulezidenti yemwe, mitima yawo inali pa kuphulitsa mizingayo ndi ndege mosachenjeza. Nkhaniyo ikanatuluka tsiku limenelo, kuli chisankho patsogolo ndi aphungu akufuula, n'kovuta kukhulupirira kuti akanapeza mpata wosintha maganizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumafuna nthawi.

Komabe ngakhale zitseko zinali zotseka, anthu sanachoke m'maganizo a akuluakuluwo, ndipo mbali zonse ziwiri za mtsutso zinkawatchula ngati mboni zawo. A George Ball a ku unduna wa zakunja, pamodzi ndi a Robert Kennedy, mng'ono wake wa Pulezidenti, anati kukantha dziko laling'ono mosachenjeza kudzafanana ndi zimene Japan inachita ku Pearl Harbor mu 1941, ndipo anthu a ku America ndi a maiko ena sadzaiwala manyazi amenewo. Koma mkulu wa asilikali a m'ndege, General Curtis LeMay, anauza Pulezidenti pa 19 Okutobala kuti kungotchinga nyanja kunali pafupifupi chimodzimodzi ndi kugonja kwa ku Munich kwa 1938, ndipo nzika zambiri zidzakuona ngati mantha. Mawu amenewa anali olasa dala, chifukwa atate ake a Pulezidenti, a Joseph Kennedy, pokhala kazembe wa America ku London m'chaka chimenecho, anali kumbali ya ofuna kunyengerera Hitler. Palibe mmodzi wa akuluakuluwa amene anakafunsa anthu. Aliyense ankalankhula m'dzina la khamu limene anali kuliona m'mutu mwake.

Pomaliza a Kennedy anasankha njira ya pakati: kuzinga chilumbacho ndi zombo za nkhondo kuti zida zina zisalowe, ndi kupatsa a Khrushchev mpata wobwerera m'mbuyo. Pa 22 Okutobala, asanalankhule ku mtundu wonse, anaitana atsogoleri a Nyumba ya Malamulo, ndipo awiri a chipani chawo chomwe, a Richard Russell ndi a William Fulbright, anati kutchinga nyanja sikokwanira, kunali bwino kulanda chilumbacho. Madzulo omwewo Pulezidenti analankhula pa wailesi ndi pa kanema. Bungwe la Gallup litafunsa anthu, linapeza kuti mwa anthu 100 alionse odziwa nkhaniyo, 84 anagwirizana ndi kutchinga nyanja. Apa panaoneka kuti anthu wamba anali odekha kuposa ena mwa oimira awo, pakuti anafuna kulimba mtima, koma sanali kulira nkhondo. Ngakhale zinali tero, usiku wa pa 23 Okutobala a Robert Kennedy anauza mkulu wawo kuti akanapanda kuchitapo kanthu Nyumba ya Malamulo ikanawachotsa pa mpando, ndipo Pulezidenti anavomera kuti nayenso ankaganiza chomwecho.

MASO A MAIKO ENA

Panalinso khamu lina lalikulu, la maiko ena, limene mbali zonse ziwiri zinkalikopa. Pa 23 Okutobala bungwe la maiko a ku America, la Organization of American States, linavomereza kutchinga nyanjako popanda dziko lotsutsa. Pa 25 Okutobala kazembe wa America ku United Nations, a Adlai Stevenson, anaonetsa zithunzi za mizingayo pamaso pa kazembe wa Soviet Union, a Valerian Zorin, amene anali asanavomere kuti mizinga iliko. Anthu ambiri a ku Ulaya amene ankakayika mawu a America anayamba kukhulupirira ataona zithunzizo, ngakhale kuti ku London khamu la odana ndi mabomba a atomiki linachita zionetsero pa ofesi ya kazembe wa America.

Maiko a mu Africa amene anali atangolandira ufulu sanangoonerera. Ghana ndi United Arab Republic, pokhala m'bwalo la chitetezo la United Nations, anapereka maganizo akuti Mlembi Wamkulu wogwirizira, U Thant wa ku Burma, akhale mkhalapakati. A Sékou Touré a ku Guinea ndi a Léopold Senghor a ku Senegal anakana kuti ndege za Soviet Union zopita ku Cuba zizimwera mafuta ku Conakry ndi ku Dakar. Papa John XXIII analankhula pa wailesi kupempha mtendere pa 25 Okutobala, ndipo nyuzipepala ya Pravda ya ku Moscow inasindikiza pempholo. Mawu otere sangaimitse chombo pa nyanja, koma amapatsa mtsogoleri wofuna kubwerera chifukwa cholemekezeka, kuti anene kuti wamvera pempho la dziko lonse, osati kuopseza kwa mdani.

KU MOSCOW NAKONSO KUNALI OWAOPA

Munthu angaganize kuti a Khrushchev analibe nkhawa yotere, popeza kwawo kunalibe zipani zopikisana ndipo nyuzipepala zinali m'manja mwa Boma. N'zoona kuti anthu a ku Soviet Union sanauzidwe kuti mizinga yawo ili ku Cuba kufikira mkangano utatsala pang'ono kutha. Koma nawonso anali ndi owaopa. Mu Juni 1962 Boma litakweza mitengo ya nyama ndi batala, antchito a mumzinda wa Novocherkassk anachita sitalaka, ndipo asilikali anaombera ndi kupha anthu oposa 20, nkhani imene inabisidwa zaka zambiri. Mtsogoleri wolephera kupatsa anthu nyama anafunika kuwaonetsa chipambano china. Panalinso anzake a mu komiti yaikulu ya chipani, akuluakulu a asilikali, ndiponso China, imene inkamunena kuti ndi wofewa pamaso pa America.

Chodabwitsa n'chakuti a Khrushchev anaika chiwembu chawo chonse pa mavoti a anthu a ku America. Kumapeto kwa Ogasiti a Castro anatumiza a Che Guevara kukapempha kuti pangano la chitetezo pakati pa maiko awiriwo lilengezedwe poyera, koma a Khrushchev anakana. Iwo ankafuna kuulula mizingayo chisankho cha Novembala chitapita, poganiza kuti pamenepo a Kennedy adzangoilandira ngati chinthu chochitika kale. Kubisako ndiko kunawagwetsa. Cuba inali ndi ufulu wolandira zida kwa bwenzi lake monga momwe Turkey inalandirira, koma chinyengo chitaululika, maiko ambiri anaona Soviet Union ngati wopalamula.

LOWERUKA LA 27 OKUTOBALA

Pa 26 Okutobala a Khrushchev analemba kalata yachinsinsi yakuti adzachotsa mizinga ngati America ilonjeza kusalanda Cuba. M'mawa mwake wailesi ya Moscow inaulutsa kalata yachiwiri, yowonjezera kuti mizinga ya ku Turkey ichokenso. Kuulutsa poyera kumeneku kunaika a Kennedy pakati pa makamu awiri. Iwo anauza alangizi awo kuti munthu aliyense woganiza bwino ku United Nations adzaona kusinthanako ngati kolungama, ndipo kudzakhala kovuta kufotokozera dziko chifukwa chomenyera nkhondo pa mizinga yachikale ya ku Turkey. Alangizi ambiri anayankha kuti kuvomera poyera kudzaoneka ngati kugulitsa bwenzi, ndipo kudzagwedeza mgwirizano wa NATO pamodzi ndi chikhulupiriro cha anthu a ku America.

Tsiku lomwelo zinthu zinayamba kupulumuka m'manja mwa atsogoleri onse awiri. Ndege ya U-2 inagwetsedwa ku Cuba popanda lamulo lochokera ku Moscow, ndipo woyendetsa wake, Major Rudolf Anderson, anafa. Ndege ina ya mtundu womwewo inasochera ndi kulowa m'mlengalenga mwa Soviet Union. Pa nyanja, zombo za America zinapanikiza sitima ya pansi pa madzi ya B-59 osadziwa kuti inanyamula chida cha atomiki. Patapita zaka zambiri kunamveka kuti mkulu wina wa m'sitimayo, a Vasili Arkhipov, ndi amene anakana kuti chiponyedwe.

Usiku umenewo a Robert Kennedy anakumana ndi kazembe wa Soviet Union, a Anatoly Dobrynin. Anawauza kuti America ilonjeza poyera kusalanda Cuba, ndipo mizinga ya ku Turkey idzachoka pakatha miyezi inayi kapena isanu, koma mbali yachiwiriyi ikangoululidwa, lonjezolo latha. Lamlungu pa 28 Okutobala a Khrushchev anavomera, ndipo anaulutsa yankho lawo pa wailesi chifukwa makalata a akazembe ankatenga maola ambiri pa njira. A Castro anamva nkhaniyi monga anamvera wina aliyense, osafunsidwa, ndipo anakwiya kwambiri.

MTENGO WA KUBISA

Mtendere unapezeka mwa kupatsana, koma anthu anauzidwa kuti unapezeka mwa kulimba mtima kokha. Pa chisankho cha 6 Novembala chipani cha a Kennedy chinawonjezera mipando mu Senate, ndipo a Capehart, ofuna nkhondo aja, anagwa. Mizinga ya ku Turkey inachotsedwa mwakachetechete pofika Epulo 1963. A Stevenson, amene analimba mtima kunena za kusinthana m'bwalo la alangizi, ananyozedwa m'magazini ya Saturday Evening Post mu Disembala 1962 kuti ankafuna kugonja kwa ku Munich, chikhalirecho chimene ankanenacho ndicho chinachitika mseri. Chinsinsichi chinavomerezedwa poyera mu 1989, pamene a Theodore Sorensen, mlembi wa a Kennedy, anaulula pa msonkhano wa ku Moscow. Kwa zaka zoposa 25 anthu a ku America, ndi atsogoleri ena omwe, anakhulupirira kuti mdani amagonja ukangomuopseza osam'patsa kanthu. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu: olemba mbiri ena amati phunziro lolakwikali linawalondola mpaka ku nkhondo ya ku Vietnam.

A Khrushchev anasunga chinsinsicho monga analonjezera, ndipo chifukwa cha ichi anaoneka ngati abwerako chimanjamanja. China inawanyoza poyera, ndipo mu Okutobala 1964 anzawo a m'chipani anawachotsa pa mpando. Patapita zaka zambiri kunayamba kudziwikanso kuti ku Cuba kunali asilikali a Soviet Union oposa 40,000, kuchuluka kuposa mmene America inkaganizira, pamodzi ndi zida zing'onozing'ono za atomiki zokanthira adani pa gombe. Onse amene ankafuula kuti chilumbacho chilandidwe sanadziwe chimene chinali kudikira ana awo kumeneko.

Komabe mantha a masiku amenewo anabala chipatso china chabwino. Amayi a ku America anali atayamba kale kudandaula za fumbi la mabomba oyesedwa mumlengalenga, limene linkalowa mu mkaka ndi m'mano a ana, ndipo pa 1 Novembala 1961 zikwizikwi za iwo zinachita zionetsero m'mizinda yambiri. Mkangano wa ku Cuba utatha, mawu awo anamveka. Mu Juni 1963 maiko awiriwo anagwirizana zoika njira yotumizirana mauthenga mwachangu pakati pa Washington ndi Moscow, ndipo pa 5 Ogasiti 1963 America, Soviet Union ndi Britain anasaina pangano loletsa kuyesa mabomba mumlengalenga ndi pansi pa madzi. Nyumba ya Senate inalivomereza ndi mavoti 80 kwa 19. Khamu limene ankaliopa kuti likufuna nkhondo ndilo linapatsa atsogoleri mphamvu zopangira mtendere.

UDINDO WA MBALI ZONSE

Phunziro la nkhaniyi ndi la atsogoleri ndi otsogoleredwa omwe. Mtsogoleri asamalonjeze pa nsanja chimene sangafune kuchita tsiku la mavuto, chifukwa mawu okopera mavoti amasanduka chingwe chom'manga. Mutu ukakula sulewa nkhonya; wokhala pa mpando ayenera kulola kunenedwa wamantha kwa kanthawi ngati kutero kupulumutsa miyoyo, ndipo ngozi ikapita, auze anthu ake zoona za mtengo umene unalipidwa. A zipani zotsutsa ndi a nyuzipepala ali ndi ufulu wofunsa, ndipo a Keating sanalakwe ponena kuti ku Cuba kukuchitika zoopsa; koma kusandutsa nkhani ya mabomba a atomiki kukhala ndodo yomenyera mnzako pa chisankho ndi kuseweretsa moto pafupi ndi nkhokwe.

Lero maiko asanu ndi anayi ali ndi zida za atomiki. Zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, zimene mu 1962 zinali m'manja mwa Boma lokha, tsopano zimagulitsidwa ndi makampani, ndipo nkhani imafika pa foni ya munthu aliyense m'mphindi zochepa. Mtsogoleri wa masiku ano sangayembekezere kupatsidwa masiku asanu ndi limodzi a kulingalira mwakachetechete monga anapatsidwira a Kennedy. Chotero kudekha kumene kale kunatetezedwa ndi chinsinsi tsopano kuyenera kuchokera kwa anthu eni ake. Mtundu umene umayamikira mtsogoleri wake pokhapokha akaopseza, ndi kumunyoza akakambirana ndi mdani, udzakhala utam'tsekera wokha njira yobwerera pa tsiku limene adzaifune koposa.